Android Honeycomb

Android Honeycomb, kapena kuti Android 3.0, ndi mtundu wa Android womwe kampani ya Google inatulutsa mu Febuluwale 2011 kuti uzigwira ntchito pa matabuleti. Mosiyana ndi mitundu yam'mbuyomo, Google sinaike poyera source code yake, yomwe ndi malangizo amene akatswiri amalemba popanga pulogalamu. Inangoipereka kwa makampani amene inagwirizana nawo, monga Samsung ndi Motorola, yomwe inapanga tabuleti ya Xoom. Google inati inkaopa kuti ena aika Honeycomb m'mafoni, momwe sikanagwira bwino ntchito. Makampani ang'onoang'ono ndi akatswiri oima paokha anadandaula kuti akusalidwa. Google inaika poyera source code imeneyi mu Novembala 2011, limodzi ndi ya Android 4.0.