Mau a pa Batani: Chicheŵa ndi Kayesedwe ka Masamba a pa Intaneti m'Boma la Mulanje

M'pepala lino tifuna kukamba za ntchito imene okonza masamba a pa intaneti amaitcha user experience design, dzina limene Donald Norman analifalitsa m'zaka za m'ma 1990 pamene ankagwira ntchito ku Apple. Imeneyi ndi ntchito yofufuza ngati munthu wamba angathe kupeza chimene akufuna pa tsamba kapena pa foni popanda womuthandiza. Mfundo yathu ndi yakuti kuno ku Malaŵi mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi ya chiyankhulo, ndiponso kuti ndi kulakwitsa kuitana katswiri wa ziyankhulo pamapeto, tsamba litamangidwa kale, kuti angomasulira mau.

Tasankha boma la Mulanje chifukwa limaonetsa vutoli poyera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'bomali. Ambiri mwa iwo ndi Alomwe, amene makolo awo anachokera ku Mozambique, ena kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi; palinso Amang'anja ndi Ayao. Alomwe ambiri lero sayankhula Chilomwe, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene bungwe la Mulhako wa Alhomwe, lomwe likulu lake lili ku Chonde, linakhazikitsidwira m'chaka cha 2007. Chicheŵa chimene chinaloŵa m'malo mwake si cha ku Kasungu kapena ku Dowa, komanso si cha m'mabuku a sukulu. Tionjezere kuti kwa wothyola tiyi kapena wamalonda wa pa Muloza, "tsamba" limene amalidziŵa bwino ndi mndandanda wa manambala umene umatuluka pa foni potumiza ndalama, kuyambira pamene Airtel Money inayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013. Pamenepa kulakwitsa liu limodzi ndi kutaya ndalama.

Tiyambe ndi batani. Chingerezi chili ndi timau tatifupi tosafanana, monga back, repeat ndi refund. Womasulira angalembe motere:

(1) a. bwererani
b. bwerezani
c. bwezani

Kwa katswiri wa galamala mau atatuŵa ndi olondola, ndipo ubale wawo ndi tsinde la -bwer- ndi wosangalatsa. Koma kwa munthu amene amaŵerenga pang'onopang'ono, pa sikirini yaing'ono ndiponso yosweka, kusiyana kwa (1a) ndi (1b) kuli m'chilembo chimodzi chokha cha mkati mwa liu. Amene afuna kubwerera m'mbuyo angathe kutumiza ndalama kaŵiri. Chimodzimodzinso tumizani: liuli likaimira submit pa tsamba limene lilinso ndi malo otumizira ndalama, munthu wochenjera adzaopa kulidina. Sungani nalonso lili ndi nkhope ziŵiri, kusunga zolemba ndi kusunga ndalama. Nkhani ya tumiza ndi tumizani siyofunika mtsutso. Foni imene ilamula mkulu ngati mwana yaphwanya mwambo.

Mau otere sangasankhidwe pa tebulo la komiti. Chichewa Board, imene inakhazikitsidwa mu 1972, ndi Centre for Language Studies imene inatenga malo ake mu 1996, zinatizoloŵeza funso lakuti, kodi ichi ndi Chicheŵa chabwino? Funso la woyesa tsamba ndi lina: kodi chala cha munthu chapita pati? Tikuganiza kuti funso lachiŵirili lingaphunzitse okonza ndondomeko za ziyankhulo zambiri, popeza limapereka umboni umene ungaŵerengedwe. Anthu a ku Chitakale akamati mayunitsi, bandulo, pini ndi ejenti, liu lopekedwa mu ofesi, ngakhale likhale lokoma, lidzawasokeretsa. Manambalanso ndi chimodzimodzi: palibe amene amatchula mtengo wa K700 kuti mazana asanu ndi aŵiri.

Komabe njira zoyeserazo sitingazitenge monga zilili. Yotchuka kwambiri ndi imene woyesedwa amapemphedwa kunena mokweza zonse zimene akuganiza pamene akugwiritsa ntchito tsamba. Clayton Lewis wa ku IBM anaifotokoza mu 1982. Njirayi imayembekezera munthu womasuka kudzudzula chinthu pamaso pa mwini wake. M'makhalidwe athu mlendo wofika pa galimoto, atanyamula kompyuta, salandiridwa ndi chidzudzulo. Mayi wa m'mudzi adzayankha kuti "zili bwino" kapena "ndamva", ndipo wofufuza wosadziŵa kuti aŵa ndi mau a ulemu adzalemba kuti tsamba lapambana. Akakanika, mayiyo adzadziimba yekha mlandu kuti sanapite patali ndi sukulu. Nchifukwa chake tikuona kuti nkwabwino kuyesa anthu aŵiriaŵiri, a msinkhu umodzi, kuti azikambirana okhaokha, wofufuza nkumamvetsera chapatali. Pokangana iwowo za tanthauzo la batani, mau amene iwo eni amagwiritsa ntchito amatuluka okha, ndipo ndiwo oyenera kulembedwa pa batanipo.

Jakob Nielsen analemba mu 2000 kuti anthu asanu okha amakwanira kuvumbula mavuto ambiri a tsamba, pafupifupi 85 pa 100 alionse. Ambiri amakumbukira nambalayi naiŵala chenjezo lake lakuti magulu osiyana a anthu ayenera kuyesedwa padera. Ophunzira asanu a ku Zomba sangaimire Mulanje. Indrani Medhi ndi anzake a ku Microsoft Research ku India anaonetsa mu 2011 kuti anthu osaŵerenga bwino amavutika ndi mindandanda yokhala ndi mindandanda ina mkati mwake, ndipo umu ndi momwe ntchito zambiri za pa foni zinamangidwira kuno.

Pomwe katswiri wa ziyankhulo afunikira koposa ndi pa bokosi lofufuzira mau. Zida zambiri zofufuzira zinakonzedwa poganizira Chingerezi. Njira ya Martin Porter ya mu 1980, mwachitsanzo, imadula mapeto a liu kuti ipeze tsinde. Chicheŵa chimasinthanso liu kumayambiriro:

(2) chipatala, zipatala, mudzi, midzi, dzina, maina
(3) kulipira, ndalipira, sanalipire, malipiro

Chida chodula mapeto okha sichingadziŵe kuti mau a mu (3) ndi a banja limodzi. Nacho chida chimene chimamalizitsa liu munthu atalemba zilembo zoyamba chimapindula pang'ono ndi ku-, chi- kapena ma-, popeza mau zikwizikwi amayamba motero. Palinso kalembedwe. Lamulo limati r alembedwe pambuyo pa i ndi e, koma l ndi r sizisiyanitsa matanthauzo m'Chicheŵa, kotero ambiri amalemba kulipila ndi malipilo. Ena amalemba mau, ena mawu. Chilembo cha ŵ, chimene tachisunga m'pepala lino mwa chizoloŵezi, sichimveka m'kayankhulidwe ka ku Mulanje ndipo sichipezeka msanga pa foni. Tsamba limene limafuna kalembedwe kamodzi kokha limauza wofufuzayo kuti chimene akufuna kulibe, pamene chilipo.

Kukonza izi sikufuna makina atsopano. Kufuna mndandanda wa aphatikiram'mbuyo ndi wa zilembo zosinthana, umene wophunzira wa chaka chachitatu angathe kulemba. Phindu silipita mbali imodzi. Tsamba lililonse limasunga mau amene anthu analemba m'bokosi lofufuzira, ndipo maina a anthu atachotsedwa, mau ameneŵa ndi nkhokwe ya Chicheŵa cholembedwa ndi anthu wamba popanda mphunzitsi wowayang'anira. Pamene malamulo a kalembedwe a 1990 adzaunikidwenso, tingakonde kuti komiti idzakhale ndi nkhokwe yotere ya ku Mulanje pa tebulo, pambali pa ya ku Lilongwe.