Tulo, Mano ndi Maso a Mwana wa Sukulu

Pa msinkhu woyamba Sitandade 1, wa zaka 6, kumbuyo kwa mano aukhanda kumamera mano anayi otafunira, awiri m'mwamba, awiri m'munsi. Sadikira kuti dzino lina liguluke, n'chifukwa chake makolo ambiri amawayesa aukhanda, namati, "Alekeni, aguluka okha." Chonsecho awa ndi mano achikulire. Limodzi likawola n'kuzulidwa, palibenso lina lomera pamenepo. Ndipo nthawi imene amakhala pangozi kwambiri ndi usiku, mwini wake ali mtulo.

Nkhani yagona pa malovu. Masana malovu amatsuka m'kamwa, amachepetsa mphamvu ya asidi, komanso amabwezera pa dzino kashiamu amene wakokoloka. Munthu akangogona, malovu amatsala pang'ono kuleka kutuluka. Koma tizilombo ta m'kamwa, monga Streptococcus mutans, sitigona. Timadya shuga wotsalira m'mano n'kutulutsa asidi amene amasungunula chikutiro cholimba cha dzino. Ndiye taganizani za mwana amene wamwa tiyi wa masupuni atatu a shuga, wasinza pamphasa banzi ili m'manja, n'kunyamulidwa kukagonekedwa osatsuka mano. Asidi uja apeza m'kamwa mopanda mlonda mpaka tambala kulira.

Choncho pa maulendo awiri otsuka mano pa tsiku, wofunika zedi ndi wausiku, ngakhale ambirife tinazolowera wam'mawa. Mankhwala otsukira mano akhale okhala ndi fluoride, pang'ono chabe pamswachi. Mwana akatha kutsuka alavule thovu, koma asachukuche ndi madzi, kuti fluoride agone m'mano. Kuchokera apo, chololedwa ndi madzi okha. Apa m'pamene kuchedwa kugona kumawonongera zinthu: mwana amene akadali maso 10 koloko njala imamugwiranso, amadya kena kake, ndipo palibe amene amakumbukanso mswachi. Akatswiri a American Academy of Sleep Medicine analangiza mu 2016 kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 azigona maola 9 mpaka 12. Wodzuka 5 koloko kukonzekera sukulu ayenera kukhala atagona pofika 8 koloko.

Mwana woliza mkonono usiku uliwonse, wogona kukamwa kuli yasa, m'kamwa mwake mumauma koposa. Kawirikawiri vuto limakhala mphuno zotsekeka kapena matonsilo otupa, ndipo n'zofunika kuti achipatala amuone.

Za maso zimafuna kusamala polankhula, pakuti pamamveka zambiri zokokomeza. Vuto losaona patali limayamba diso likatalika mopitirira muyeso pamene mwana akukula, moti za pabolodi zimaoneka mbuu pomwe za m'buku zikuoneka bwinobwino. Mu 1999 ofufuza a pa University of Pennsylvania analengeza kuti ana amene ankagona nyale ili chiyakire ali makanda amadzakhala ndi vutoli. Nkhaniyi inawanda, koma chaka chotsatira ofufuza ena sanapeze zimenezo. Anaona kuti makolo osaona patali ndiwo amakonda kusiya nyale yoyaka, ndipo vutoli limayenda m'magazi. Nyale ija inangonamiziridwa.

Chimene chili ndi umboni wolimba ndi kuwala kwa panja. Ku Guangzhou, m'dziko la China, ana a kalasi yoyamba m'sukulu zina anawawonjezera mphindi 40 zosewera panja tsiku lililonse la sukulu. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2015 zinasonyeza kuti patatha zaka 3, ana pafupifupi 30 pa 100 alionse anali atayamba kusaona patali, pomwe m'sukulu zosawonjezera anali pafupifupi 40. Tulo timalowa m'nkhaniyi kudzera pa foni. Kuwala kwake kumachedwetsa melatonin, homoni yoitana tulo. Mwana amayang'anitsitsa foniyo pafupi ndi nkhope, akuphethira mwa apo ndi apo, maso n'kuyamba kuuma ndi kuyabwa. Kulanda foniyo ola limodzi asanagone kumathandiza tulo ndi maso pamodzi.

Komabe diso likatalika, tulo sitingalibwezere. Mwana wotsinzinira akamayang'ana pabolodi, kapena wokopera zolemba mu kope la mnzake m'malo mwa pabolodi, akufunika kukayezedwa maso, ndipo mwina magalasi.