Jenereta ikamatsamwa, kasitomala amathawa

Magetsi akathima, ometa tsitsi ndi otchaja mafoni amadalira kajenereta ka two-stroke. Koma kena kamalira bwino popanda katundu, n'kutsamwa akangolumikiza makina ometera. Kasitomala amanyamuka atametedwa mbali imodzi.

Amakaniko odziwa ntchito amayamba ndi zotchipa. Sefa ya mpweya ikadzaza fumbi, injini imabanika. Kuitsuka ndi sopo n'kuiumitsa kumakwanira. Kenako amaona petulo: wokhalitsa m'chigubu amakoka chinyezi n'kutseka kabureta. Oyilo wochuluka nayenso amadetsa pulagi ndi kudzaza mwaye mu ekizozi. Pa muyezo wa 50:1, lita imodzi ya petulo imafuna mamililita 20 okha.

Koma woumira oyilo amapsereza pisitoni, mpamba wonse n'kuthera pa jenereta ina.