Bondo Logwada ndi Mtima Wodzichepetsa Pamaso pa Mulungu

Kalembera wa anthu wa mu 2018 adaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse m'Malawi, pafupifupi 77 ndi Akhristu ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu, kotero kuti pemphero limamveka tsiku ndi tsiku m'matchalitchi, m'mizikiti, m'nyumba ndiponso pa misonkhano ya boma. Komabe kuchuluka kwa mapemphero sikuthetsa funso limene zipembedzo zakhala zikulimbana nalo kuyambira kalekale, lakuti munthu wopangidwa ndi dothi, amene masiku ake ndi owerengeka, ayenera kufika motani pamaso pa Mulengi wake.

Baibulo limayankha funsoli kudzera m'nkhani za anthu amene adakumana ndi ulemerero wa Mulungu. M'buku la Eksodo, mutu 3, Mose adalamulidwa kuvula nsapato pa phiri la Horebu chifukwa malowo adali opatulika, ndipo iye adaphimba nkhope yake. M'buku la Yesaya, mutu 6, mneneriyo ataona masomphenya m'Kachisi, sadayambe ndi kupempha kanthu koma adavomereza kuti milomo yake idali yodetsedwa. Nalo buku la Mlaliki, mutu 5, limalangiza wopembedza kuti achepetse mawu, popeza Mulungu ali kumwamba ndipo munthu ali pansi pano. Mtima umenewu ndi umene Malemba amautcha kuopa Mulungu, kutanthauza ulemu waukulu wa munthu amene wazindikira msinkhu wake weniweni, osati mantha a munthu wothawa chilombo.

Makolo a dziko lino adadziwa ulemu woterewu amishonale asadafike. Ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kumene Amang'anja amalemekeza Mbona, ndiponso ku Msinja m'boma la Lilongwe, kumene Makewana ankatsogolera mapemphero a mvula kwa Chisumphi, munthu sankangolowa m'malo opatulika mwachisawawa, koma ankatsata miyambo ya kudziletsa, ankatsogoleredwa ndi akuluakulu osankhidwa, ndipo nsembe inkaperekedwa anthu atadzichepetsa ndi kuomba m'manja. Asilamu nawonso, amene amapemphera kasanu pa tsiku, amayamba ndi kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, amavula nsapato pakhomo pa mzikiti, kenaka amagunditsa mphumi pansi atayang'ana ku Makka, olemera ndi osauka ataima pa mzere umodzi. Miyambo yonseyi ikugwirizana pa mfundo yakuti thupi limaphunzitsa mtima.

Ngakhale zili choncho, mbiri ya mpingo imaonetsa kuti ulemu sudamangiriridwe pa kaimidwe kamodzi ka thupi. Msonkhano waukulu wa maepiskopi umene udachitikira ku Nicaea m'chaka cha 325 udalamula kuti Akhristu azipemphera choimirira tsiku Lamulungu ndiponso m'masiku a pakati pa Pasaka ndi Pentekoste, chifukwa kugwada kunkaonedwa ngati chizindikiro cha kulapa pamene kuimirira kunkalengeza chimwemwe cha kuuka kwa Khristu. Nchifukwa chake palibe kutsutsana kwenikweni pamene Mkatolika agwada pa nthawi ya Ukaristia, imene ndi nsembe ya Misa, pamene wa mpingo wa CCAP aweramitsa mutu ndi kutsinzina, kapena pamene wa mpingo wa Pentekoste akweza manja m'mwamba. Ngakhale kuvina sikuchotsa ulemu, pakuti Mfumu Davide adavina ndi mphamvu zake zonse patsogolo pa Bokosi la Chipangano, ndipo potero adadzitsitsa pamaso pa anthu ake mpaka mkazi wake Mikala adamunyoza.

Chimene chimasiyanitsa pemphero laulemu ndi lodzikuza chimaoneka bwino m'fanizo la Yesu la pa Luka, mutu 18. Mfarisi, amene adali wa gulu losunga Chilamulo mosamalitsa, adawerengera Mulungu zabwino zake, monga kusala kudya kawiri pa sabata ndi kupereka chakhumi, nadziyerekeza ndi munthu wina amene adamuona ngati wochimwa. Koma wokhometsa msonkho, amene Ayuda ankadana naye chifukwa chogwirira ntchito Aroma, adaima patali, osakweza maso, nangopempha chifundo. Zimene Mfarisiyo adanena sizidali zabodza, koma cholakwa chake chidali chakuti adasandutsa pemphero kukhala malo odzitamandira ndi onyozera mnzake. Aphunzitsi a mpingo adamanga zambiri pa phunziro limeneli. Benedict wa ku Nursia, amene adalemba malamulo a moyo wa amonke m'zaka za m'ma 500, adafotokoza makwerero 12 a kudzichepetsa, ndipo loyamba mwa iwo ndi kukumbukira nthawi zonse kuti Mulungu akuona zonse. Katekisimu wa Heidelberg wa mu 1563, wa mipingo ya Reformed kumene Sinodi ya Nkhoma idachokera, amaphunzitsa kuti wopemphera ayenera kudziwa bwino kusowa kwake kuti adzichepetse, komanso akhulupirire kuti adzamvedwa chifukwa cha Khristu, ngakhale kuti iye mwini ndi wosayenera.

Mfundo yachiwiriyi ndi yofunika, chifukwa kudzichepetsa sikutanthauza kutaya mtima, ndipo kalata ya kwa Ahebri, mutu 4, imalimbikitsa okhulupirira kuyandikira mpando wachifumu wachisomo molimba mtima. Ngozi ya masiku ano ili mbali ina: zokuzira mawu, makamera ndi Facebook zachititsa kuti pemphero likhale ndi oonerera ambiri, ndipo nkosavuta kuti wopemphera ayambe kulankhula ndi khamu m'malo molankhula ndi Mulungu, kapena kumulamula ndi kumuikira tsiku loti ayankhire, ngati kuti Mulengi ndi wantchito wa cholengedwa. Muyeso umene Yesu adapereka pa Mateyu, mutu 5, sudalira kukula kwa mawu kapena kutalika kwa pemphero la usiku wonse, koma umafuna kuti munthu amene wabwera ndi chopereka, akakumbukira kuti m'bale wake ali naye chifukwa, ayambe wakayanjana naye. Motero kudzichepetsa kwa wopembedza kumayesedwa ndi mmene amakhalira ndi mkazi kapena mwamuna wake, wantchito wake ndi mnansi amene adalimbana naye malire a munda.