Ziwiya za M'nyumba pa Kaphunzitsidwe ka Chicheŵa mu Durban

Ana a Amalaŵi obadwira mu Durban amakulira m'Chizulu ndi m'Chingerezi. Chicheŵa amachimva pakamwa pa makolo, ndipo ena amachiyankhula mopereŵera. Ganizo lathu nlakuti wophunzitsa ana otere ayambire pa chinthu chogwirika ndi manja.

Njirayi si yachilendo. Sukulu ya Berlitz, imene inatsegulidwa ku Providence m'chaka cha 1878, inkaphunzitsa poloza zinthu m'malo momasulira mau. Koma m'ziyankhulo za Chibantu chiwiya chimaphunzitsa zambiri kuposa dzina lake.

Choyamba ndicho mgwirizano wa maina. Mphunzitsi akayala mthiko, chipande ndi lichero pamphasa, mwana sangachitire mwina koma kusintha mau: mthiko uwu ngwanga, chipande ichi nchanga, lichero ili nlanga. Mthikowo akaukankhira patali, "uwu" asanduka "uwo". Akaubisa kuseri kwa chitseko, asanduka "uja". Chithunzi cha m'buku sichitha kutero, pakuti sichisuntha.

Chachiŵiri ndicho malo. Chicheŵa chimasiyanitsa mumphika, pamphika ndi kumphika. Chizulu, ponena za ukhamba, mbiya ya moŵa, chimati okhambeni, ndipo pofuna kutchula pamwamba chimaonjeza mau ena: phezu kokhamba. Apa mpamene mwana wozoloŵera Chizulu amapunthwa. Tsono athire yekha nyemba mumphika, aike chivundikiro pamphika, kenaka ayende kupita kumphika, akunena chimene akuchita.

Chachitatu ndicho aneni. Katundu wa pamutu timasenza, mwana kumbuyo timabereka. Chingerezi chimaphimba zonsezi ndi mau amodzi, "carry", pamene Chizulu chimagwirizana nafe ndi ukuthwala ndi ukubeletha. Mwana amene waona amayi atasenza malonda pa msika wa Warwick Junction akudziŵa kale kusiyanako. Chimsoŵa ndi mau a kwawo okha. Mumsenzetse dengu, mumberekese chidole ndi chitenje.

Komabe pali chenjezo. Lichero lopachikidwa pakhoma limaphunzitsa dzina lokha. Muthiremo chimanga chokonola, mwana apete, gaga auluke, mphale itsale. Pamenepo mau akuti kukonola, kupeta, gaga ndi mphale adzaloŵa pamodzi ndi ntchito yake. Choncho mphunzitsi asamapemphe makolo ziwiya zokha, koma aitanenso mayi wodziŵa kupeta kuti adzapete pamaso pa ana.