Agogo a dizilo pa Khwekhwerere

Muvi wa kutentha unayamba kukwera titangodutsa khona lachitatu kuchokera ku Golomoti. Kumbuyo kunali matumba asanu a chimanga, dengu la usipa, njinga ya mlamu wanga, ndi mlamu wangayo mwini wake atapanikizika pakati pa katundu. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Amene anakwerapo msewu wa Khwekhwerere, wochoka kuchigwa cha kunyanja kupita pa Masasa kufupi ndi Dedza, akudziwa kuti pamenepo galimoto imaulula matenda onse amene inkabisa pamsewu wosalala.

Ndinaimika pambali, n'kuyatsa hita ya m'kati mpaka kumapeto kuti ichotseko kutentha kwa injini, ife tikuyenderera thukuta ngati tili m'chigayo. Mlamu anatuluka ndi botolo la madzi, dzanja lili kale pa chivindikiro cha radiyeta.

"Alamu, chotsani dzanja pamenepo, mupsa nkhope!"

Anamvera, ndipo nkhope ali nayobe. Tinakhala pamwala pafupifupi ola lathunthu kudikira kuti chitsulo chizizire, tikuonerera anyamata a makala akutsika ndi njinga zawo.

Galimoto imene ndikunenayi ndi Toyota Corolla yaitali kumbuyo, ya mtundu umene unayamba kutuluka mu 1991. Ku Japan yotereyi inali yonyamulira katundu wa m'masitolo ndi m'makampani, ndipo anapitiriza kuipanga mpaka 2002 pamene Probox inalowa m'malo mwake. Yanga ili ndi injini ya dizilo yotchedwa 2C, ya masilinda anayi, kukula kwake malita awiri, yopanda turbo. Mphamvu zake n'zochepa moti pachitunda basi yodzaza anthu imakupitirira, kondakitala akukuyang'ana mwachisoni. Kunyumba ana anaipatsa dzina loti Agogo, ndipo dzinalo linakhazikika mpaka kugalaja.

Zambiri za mtundu umenewu zinalowa m'dziko muno kudzera pa doko la Dar es Salaam, n'kuyenda pamsewu kudutsa Morogoro, Iringa ndi dera la Mbeya mpaka pa chipata cha Songwe, zitamatidwa nambala ya IT. Ine ndinaigula yatha kale zaka zambiri kuno, itadutsa m'manja mwa anthu osachepera atatu. Mtengo wake unali wotsika chifukwa aliyense wofuna galimoto masiku ano maso ali pa ya petulo, yaing'ono, yodzisinthira yokha magiya. Pa mita panalembedwa makilomita 287,000. Nambalayo ndinaikhulupirira kwa sabata imodzi yokha, mpaka amisiri anga a ku Biwi ku Lilongwe atandionetsa labala wa pa kilachi wodyeka mpaka chitsulo kuonekera, ndi chiwongolero chosalala ngati munsi wakale. Mita ya manambala ozungulira ngati imeneyi munthu wa sikuludiraiva amaibweza m'mbuyo pa nthawi ya chakudya chamasana.

Chimene amisiriwo anachita tsiku limenelo n'chimene ndinayenera kuchita ndisanapereke ndalama. Analiza injini, n'kumasula chivindikiro cha pothirira oilo, n'kuchisiya chitangokhala pamwamba. Chikamavina kapena kuuluka, ndiye kuti mpweya ukudutsa m'mbali mwa mapisitoni, maringi atha. Cha Agogo chinangonjenjemera pang'ono. Kenako anapita kumbuyo kukayang'ana utsi. Wakuda umatanthauza kuti dizilo wachuluka kuposa mpweya, mwina fyuluta ya mpweya yatsekeka kapena manozo akungodontha m'malo mopopera. Wabuluu ndi oilo amene akupsera m'kati. Woyera umene sukutha ngakhale injini itatentha ndiye woopsa, chifukwa nthawi zambiri amakhala madzi olowa m'silinda. Pomaliza, injini ili yozizira tsiku lotsatira, anatsegula radiyeta n'kuiliza kuti aone ngati madzi akutulutsa thovu. Sanatulutse. Anati hedi ikadali yamoyo, koma ndiisamale ngati dzira.

Pa injini ya 2C, kutentha ndiye mdani wamkulu. Thunthu lake ndi la chitsulo cholemera, koma hedi ndi ya aluminiyamu, ndipo zitsulo ziwirizi sizifutukuka mofanana zikatentha. Injini ikawira kamodzi kwambiri, gasiketi imapsa, hedi imapindika kapena kung'aluka pafupi ndi mavalavu. Hedi yopindika pang'ono amaisema pa makina n'kuibwezera. Yong'aluka ndiye basi, kasakeni ina, ndipo imene mukaipeze pamsika wa masipeya ku Ndirande kapena ku Biwi inachotsedwa pa galimoto imene mbiri yake simukuidziwa.

Za pa Khwekhwerere zija zinali ndi zifukwa zitatu, zonse zazing'ono. Radiyeta inali itadzaza dzimbiri chifukwa eni ake akale ankathira madzi a pampopi okhaokha, opanda mankhwala aja obiriwira kapena ofiira. Anthu ambiri amaganiza kuti mankhwalawa ndi a kumaiko ozizira basi, poti kuno madzi saundana, koma ntchito yake ina ndi kuletsa dzimbiri ndi kukweza mlingo umene madzi amawirira. Chivindikiro cha radiyeta chinali chitafooka sipuling'i, moti sichinkasunganso mphamvu ya mpweya m'kati. Chachitatu, wina anali atachotsamo thermostat. Chizolowezi chimenechi chili ponseponse m'magalaja athu: galimoto ikangotentha, mmisiri amachotsa kachipangizoka n'kukataya kuseri kwa mpanda, amati dziko lathu n'lotentha kale. Ine pamenepa ndimatsutsana nawo ngakhale amisiri amene ndimawalemekeza. Injini yopanda thermostat imachedwa kufunda m'mawa, imamwa dizilo wambiri, imadzaza mwaye, ndipo vuto lenileni limene linaitenthetsa limakhala likadali pomwepo kudikira chitunda.

Zitatu zonsezi pamodzi sizinafike ngakhale theka la mtengo wa hedi yogwiritsidwapo kale ntchito.

Lamba wa taimingi ndiye chinthu china chimene sichichenjeza. Amazungulitsa kamshafti ndi pampu ya dizilo, ali kuseri kwa chophimba, ndipo nthawi yake yosinthira ndi makilomita 100,000. Injini ya dizilo ngati imeneyi imapanikiza mpweya kuposa ka 20 kuti utenthe mpaka kuyatsa mafuta popanda pulagi ya moto, motero pakati pa pisitoni ndi valavu palibe malo otsala. Lamba akaduka galimoto ikuyenda, mapisitoni amamenya mavalavu nthawi yomweyo. Wondigulitsa analumbira kuti anasintha chaka chatha. Titatsegula tinapeza lamba wong'ambikang'ambika msana ngati chidendene cha mlimi mu Okutobala. Tinasintha lamba, kapule komukokera, pampu ya madzi ndi masilo a oilo a kutsogolo tsiku limodzi, popeza ntchito yomasula ndi imodzi yomweyo. Tsiku ndi makilomita ndinalemba ndi penti yoyera pa chophimba, kuti wodzagula pambuyo panga asadzadalire malumbiro anga.

Koma nkhani imene imatenga nthawi yaitali pansi pa mtengo wa mango pagalaja ndi ya mafuta. Dizilo wathu amachokera kutali, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo aliyense amene anali ndi galimoto mu 2011 ndi 2012, kapenanso kuyambira 2022, akudziwa kugona pamzere pa malo omwetsera mafuta. Pamzere pakatalika, chigubu cha m'mbali mwa msewu chimayamba kuoneka bwino. Ndinagwamo kamodzi, usiku, ndikuthamangira maliro. Mnyamata wogulitsayo anati ndi dizilo weniweni wa m'thanki ya thiraki. Mwina analidi wa m'thiraki, koma anali atawonjezeredwa palafini ndi madzi a pansi pa mgolo.

Pampu ya injini ngati 2C ilibe oilo wakewake. Zitsulo za m'kati mwake, zolowana mothina kuposa tsitsi, zimatereretsedwa ndi dizilo yemweyo amene zikupopa. Palafini ndi wouma, satereretsa, choncho pampu imadzidya yokha pang'onopang'ono. Madzi ndiye amachititsa dzimbiri m'kati ndi kuwononga nsonga za manozo. Mwayi wake, Toyota anaika msampha wa madzi pansi pa fyuluta ya dizilo, wokhala ndi kampopi kotsegula ndi dzanja, ndipo pamwamba pali kabatani kopopera. Nyali ya msamphawo itayaka tili pakati pa ulendo, ndinatsegula kampopi n'kutulutsa madzi odzaza theka la kapu. Maliro ndinafika mochedwa, mwambo wa kumanda utayamba kale. Patatha miyezi iwiri manozo anapita kwa katswiri wa mapampu kukayesedwa pa makina, ndipo awiri anasinthidwa. Kuyambira pamenepo fyuluta ya dizilo yapadera imakhala pansi pa mpando, pamodzi ndi sipanala yake.

Kabatani kopopera kaja kamathandizanso mafuta akakutherani panjira. Ya petulo mumangothira n'kuliza. Ya dizilo ikayamwa mpweya imakana, ndipo wosadziwa amaliza sitata mpaka batire kufa. Muyenera kupopa ndi chala mpaka kabatani kalimbe, nthawi zina kumasulako pang'ono mapaipi a pa manozo kuti mpweya utuluke, kenako n'kumanganso.

Mu Juni ndi Julaye, makamaka ku Dedza kapena ku Mzuzu, Agogo amadzuka ngati nkhalamba yeniyeni. Injini yamtunduwu imadalira mahita, timapulagi tinayi totenthetsa m'kati mwa hedi musanalize. Mumatembenuza kiyi, n'kudikira kuti nyali yooneka ngati waya wopotana izime, kenako n'kuliza. Hita imodzi ikafa, injini imalira ikutsimphina ndi utsi woyera kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Ziwiri zikafa, mudzutsa anthu oyandikana nawo nyumba kuti akukankheni. Kuyesa kwake n'kosavuta ndipo mtengo wake si woopsa, koma ndaonapo anthu akugula batire yatsopano, kenako sitata, vuto lili pa kapulagi kotalika ngati chala.

Oilo ndimasintha pa makilomita 5,000 aliwonse, wa 15W-40 wa injini za dizilo, pamodzi ndi fyuluta yake. Akada patangotha masiku awiri musadabwe, ndi mwaye, ndipo ndi mmene dizilo wakale amachitira. Fyuluta ya mpweya m'nyengo ya fumbi ndimaigugudza sabata iliyonse.

Za pansi sindichulukitsa, poti misewu yathu imaphunzitsa yokha. Kumbuyo kuli masipuling'i a zitsulo zosanjikiza ngati a pikapu, ndipo n'chifukwa chake imanyamula matumba asanu osakhudza pansi. Mabushi ndi mashokabu amatha, mumasintha. Labala wophimba ma CV joint akang'ambika nthawi ya mvula, matope amalowa, ndipo posakhalitsa mumamva "kho-kho-kho" pokhota. Chimodzi chokha chimene chinandidzidzimutsa ndi mabuleki. Tsiku lina chopondera chinangouma gwa ngati mwala. Injini ya dizilo siyamwa mpweya mwa njira imene ya petulo imathandizira mabuleki, choncho ili ndi kapampu kapadera. Kapampuko katasiya kugwira ntchito, kufewa kwa mabuleki kunathera pomwepo. Galimoto imaimabe, koma mwendo uyenera kugwira ntchito ya anthu awiri.

Nanga ndalama? Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya iliyonse yochokera kunja inakwera, ndipo pashelefu panadzaza zotchipa za m'mabokosi okongola. Wogulitsa woona mtima amakufunsani yekha kuti, "Bwana, mukufuna ya orijino kapena inayi?" Pa nyali, galasi kapena chogwirira chitseko ndimatenga inayo mosachita manyazi. Pa lamba wa taimingi, fyuluta ya dizilo ndi gasiketi ya hedi ndimalipira yodula, ngakhale zitanthauze kuti galimoto igona pabwalo mpaka malipiro a mwezi. Walira mvula walira matope. Ndikawerengera zonse zimene ndawononga m'zaka zitatu, zapitirira mtengo umene ndinagulira galimotoyo. Komabe sizinafike mtengo wa galimoto yatsopanoko, imene ikadwala imafuna kompyuta kuti inene pamene pakupweteka, ndipo manozo ake a magetsi sapirira dizilo wa m'chigubu ngakhale tsiku limodzi. Akuluakulu amene anayendetsapo Peugeot 504 yaitali ija, imene ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka zaka za m'ma 2000, amati akaona Agogo amakumbuka masiku awo: galimoto imene mmisiri wa pa Ntcheu kapena pa Jenda amaikonza ndi masipanala ochepa ndi khutu.

Sindingaiyamikire aliyense. Amene amangofuna kutembenuza kiyi n'kumapita, osatsegula boneti Loweruka m'mawa, asagule. Imachita phokoso ngati thirakitala, dzimbiri layamba kudya pansi pa chitseko cha kumbuyo, ndipo chaka chilichonse nthawi ya COF ikayandikira ndimakhala masiku awiri ndikulimbana ndi nyali ndi handibuleki.

Mwezi wathawu tinakweranso Khwekhwerere, nthawi ino ndi matumba anayi a mpunga ndi mlamu yemwe uja. Giya yachiwiri kuyambira pansi mpaka pamwamba, hita yozimitsa, maso anga akusinthana pakati pa khona ndi muvi. Muvi unakhala pakatikati osasuntha. Titafika pa Masasa mlamu anatsika kukagula mbatata ya kachewere, ine n'kusiya injini ikulira pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo ndisanazimitse. Nditasuzumira pansi ndinaona kadontho kakuda pafumbi, cha kumbuyo kwa injini, pamene imakumana ndi giyabokosi. Ndinaimbira amisiri a ku Biwi.

"Imeneyo ndi silo ya kumbuyo, bwana. Pofika pamenepo tiyenera kutsitsa giyabokosi. Mubwere ndi kilachi yomwe, tisadzatsegulenso kawiri."