Chisanu cha ku Dedza ndi Timiyala ta m'Impso

Amayi, inu amene mumakhala kukhitchini tsiku ndi tsiku mukudziwa zimene zimachitika mphika wa ndiwo ukakhalitsa pamoto. Msuzi umaphwa ndipo mchere umakakamira pansi. Zoterezi zimachitikanso m'thupi la munthu. Impso zathu ziwiri zimasefa magazi usana ndi usiku ndi kutaya zosafunika kudzera mu mkodzo. Munthu akamamwa madzi ochepa, mkodzo umachepa, ndipo michere imene ili m'menemo imagwirana pang'onopang'ono kufikira itasanduka kamwala.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a kumapiri kuno. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, nkhungu ikakuta Bembeke, ludzu silimveka. Munthu amatha kuswera m'dimba la mbatata ya kachewere, thukuta lili kamukamu, atangomwa kapu imodzi ya tiyi. Amayi ogulitsa pamsika nawo amadzimana madzi dala poopa kusowa kokadzithandizira.

Kamwala kakakhala phee mu impso, mwini wake sangadziwe kanthu. Ululu umayamba kakalowa m'kanjira kopapatiza kotsikira ku chikhodzodzo. Umabwera mwadzidzidzi kumsana, mbali imodzi, m'munsi mwa nthiti, n'kumatsikira ku chinena. Umakula, kuleka pang'ono, kenaka n'kubweranso, kotero kuti wodwala sapeza pokhalira pabwino. Ena amachita nseru ndi kusanza, ena amakodza pafupipafupi momva kuotcha, ndipo mkodzo ungaoneke wofiira ndi magazi. Matendawa amagwira abambo kawirikawiri kuposa amayi, choncho musawaseke amuna anu mukawaona akubuula ndi kugubuduzika pamphasa.

Dziwaninso kuti magazi a mu mkodzo sachokera ku timiyala tokha. Amene amasamba m'madzi a kunsi kwa mapiri, monga ku Mtakataka ndi ku Golomoti, akhoza kukhala ndi likodzo, limene mankhwala ake ndi ena. Mayi amene wadumphitsa mwezi ndipo akumva ululu waukulu mbali imodzi ya mimba afulumire kuchipatala, pakuti mwina ndi mimba yokhala kunja kwa chiberekero. Safunsa anadya phula. Musamwe zitsamba kapena mapiritsi a pagolosale musanapimidwe, makamaka ngati muli oyembekezera.

Kuchipatala adzayeza mkodzo ndi kuunika m'mimba ndi makina. Timiyala tosapitirira mamilimita 5, tonga njere ya mapira, nthawi zambiri timatuluka tokha m'masiku kapena masabata ochepa, wodwala akamamwa madzi okwanira ndi mankhwala ochepetsa ululu. Tikuluikulu timafuna madokotala. Amatha kukatulutsa ndi kachipangizo kolowa m'njira ya mkodzo, kapena kuchita opaleshoni. Kuyambira mu 1980, pamene madokotala a ku Munich m'dziko la Germany anayamba njirayi, palinso makina ophwanya kamwala munthu osang'ambidwa, koma sapezeka m'chipatala chilichonse. Chipatala cha boma cha Dedza chikaona kuti matenda akula chimatumiza wodwala ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85.

Pali zizindikiro zitatu zimene simuyenera kugona nazo m'nyumba: ululu wodza pamodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, kusanza kosalekeza, ndi kulephereratu kukodza. Zikatero ndiye kuti njira yatsekeka kapena tizilombo talowa, ndipo impso ikhoza kuonongeka, moyo n'kukhala pachiswe. Yang'aniraninso ana aamuna aang'ono. Mwana amene amalira pokodza, mkodzo n'kumadukiza, angakhale ndi kamwala m'chikhodzodzo. Izi zimaoneka kwambiri mwa ana oleredwa ndi phala la ufa wokhawokha, choncho yamwitsani mokwanira ndipo phala lawo muzitsiramo nsinjiro, mkaka kapena dzira.

Amene anadwalapo achenjere, chifukwa pafupifupi theka la iwo amadwalanso zisanathe zaka 10. Chitetezo chili m'manja mwa inu osunga nyumba. Munthu wamkulu azimwa madzi abwino malita awiri kapena atatu patsiku, kukhale chisanu kapena dzuwa la Okutobala. Ngati madzi ozizira akukanika kummero, afunditseni ndi kufinyiramo ndimu, pakuti madzi a ndimu amathandiza kuti michere ija isagwirane. Chepetsani mchere m'ndiwo ndiponso zakumwa za shuga wambiri. Mkaka, usipa ndi matemba musaleke, chifukwa kusala zakudya zolimbitsa mafupa sikuteteza munthu ku timiyala.

Muyeso wake ndi wapafupi. Mkodzo ukakhala woyererako, madzi akukwana. Ukakhala wachikasu kwambiri, onjezerani. Mawa, pokonza kamba wa opita kudimba, chigubu cha madzi chitsogole.